KALONGA MUZURA, MFUMU YA AMARAVI

Mafumu athu olemekezeka, alendo ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ndi inu nonse amene mwasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, takulandirani ndi manja awiri. Tafuna kuti pobwerera kwanu musangonyamula fumbi la gule m'miyendo, koma mutengenso kanthu kokauza ana madzulo pabwalo. Cifukwa cake taika m'kabuku kano mbiri ya mmodzi wa mafumu akulu a mtundu wathu, Kalonga Muzura, amene ena amamuchula kuti Masula kapena Mazura.

Ana athu amamudziwa bwino Shaka, mfumu ya Azulu, makamaka cifukwa ca kanema wa moyo wake amene anaturuka m'caka ca 1986 naonetsedwa m'maiko ambiri. Koma tikawafunsa za Muzura amangoyang'ana pansi. Shaka analowa ufumu mu 1816. Zaka 200 zathunthu izi zisanacitike, mu 1616, mlendo wa Cipwitikizi anali atagona kale pamudzi wa Muzura, nalemba za ukulu wa mfumuyi. Nkoyenera tsono kuti ifenso tiidziwe, pakuti mbiri yake ndi yathu, ndipo muli phunziro limene likutikhudza mpaka lero.

DZIKO LIMENE ANALIPEZA

Makolo amatiuza kuti Aphiri anacokera ku Uluba, m'dziko la Congo, motsogozedwa ndi Kalonga Mazizi. Pofika kuno anapeza Abanda atakhazikika kale, ali ndi kacisi wao wa mvula. Mitundu iwiriyi inagawana nchito mwanzeru. Aphiri anatenga mpando wa ufumu, Abanda nasunga za cipembedzo ndi za nthaka. Kalonga anali kukwatira mkazi wa mwa Abanda amene dzina la udindo wake linali Mwali, ndipo Makewana, mai wa ana onse, anali kupempha mvula m'malo mwa dziko lonse pa kacisi wa ku Msinja. Wolowa ufumu anali kucokera m'mimba mwa Nyangu, mai kapena mlongo wa mfumu, monga mwa mwambo wathu wakuti mwana ndi wa kucikazi.

Likulu la ufumu linali pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumwera cakumadzulo kwa nyanja ya Malawi. Pamenepo mafumu a Ciphiri anali kusonkhana caka ndi caka pa mwambo wa Mlira kukumbukira mzimu wa Kalonga woyamba, ndipo mwambowo unali kutha ndi kutentha chire la ku Marimba.

Ufumuwo utakula, abale a Kalonga anayamba kupatuka. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira kucigwa ca mtsinje wa Shire, kumene anthu ao anadziwika ndi dzina lakuti Amang'anja. Undi analowera kumadzulo nakhazikika ku Mano, m'dera limene lero lili m'cigawo ca Tete ku Mozambique. Pocoka anatenga Nyangu ndi ambiri a banja lacifumu, kotero kuti kuyambira pamenepo bwalo la Undi linakhala ndi mau akulu pa nkhani ya wolowa pampando wa Kalonga.

Nthawi yomweyo kumwera kunali kutafika anthu acilendo. Apwitikizi anakwera mtsinje wa Zambezi namanga malo ao a malonda pa Sena ndi pa Tete m'zaka za m'ma 1530. Maso ao anali pa golide wa dziko la Mwenemutapa, tsidya lakumwera la mtsinjewo, ndi pa minyanga ya njobvu ya tsidya lathu lino. Kubwera kwao kunasokoneza njira zakale za malonda, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kunabuka nkhondo za Azimba, amene olemba mbiri ambiri amawagwirizanitsa ndi Lundu. Mu 1592 Azimba anagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi a ku Tete napha akapitao ao onse awiri. Caka cotsatira gulu lina lankhondo linacokera ku cisumbu ca Mozambique kudzabwezera, koma nalonso linabwerera cimanjamanja. Ili ndilo dziko limene Muzura analipeza: abale opatukana, malonda okangana, ndi alendo amfuti amene anali kufunafuna bwenzi lamphamvu kumpoto kwa Zambezi.

KUKWERA KWAKE

Dzina la Muzura likuyamba kuoneka m'makalata a Apwitikizi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600. Akatswiri a mbiri amagawikana pa za cibadwidwe cake. Ambiri amamuwerengera mumzere wa Akalonga a ku Mankhamba. Ena amati anali mtsogoleri wa nkhondo amene anadzikweza yekha ndi mphamvu ndi nzeru zake, osati mwana wa m'nyumba yeniyeni ya Nyangu. Koma onsewa amabvomerezana pa cinthu cimodzi, cakuti m'masiku ake panalibe mfumu ina kumpoto kwa Zambezi yolingana naye.

Nzeru yake yoyamba inali kuzindikira kuti Apwitikizi, ngakhale anali ndi mfuti, anali ocepa. Pa Tete ndi pa Sena panali azungu owerengeka cabe, ndipo malungo anali kuwatha. Sakanatha kumenya nkhondo yaikuru popanda mikono ya anthu akuda. Muzura anali ndi anthuwo, iwo anali ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Motero anasankha kupalana nao ubwenzi pamene Lundu anasankha kulimbana nao.

Mpata unapezeka tsidya lija. Mwenemutapa wa nthawiyo, Gatsi Rusere, anaukiridwa ndi anthu ake omwe, ndipo pofuna cithandizo anapereka migodi ya dziko lake kwa mfumu ya Portugal mu 1607. Apwitikizi, motsogozedwa ndi Diogo Simões Madeira wa ku Tete, anayenera tsono kumchinjiriza. Mu 1608 Muzura anatumiza ankhondo 4,000 kuoloka Zambezi kukawathandiza. Tiyeni tiganizire ciwerengero cimeneci. Kusonkhanitsa amuna 4,000, kuwapatsa kamba wa paulendo, kuwaolotsa mtsinje waukulu m'mabwato ndi kuwasunga pansi pa lamulo limodzi kudziko lacilendo si nchito ya nyakwawa ya mudzi umodzi. Ndi umboni wakuti kumbuyo kwake kunali nkhokwe zodzaza, osula mikondo ambiri, ndi mafumu ang'onoang'ono omvera kuitana kwake.

MLENDO WA MU 1616

M'mwezi wa Marichi 1616 wamalonda wina wa Cipwitikizi, Gaspar Bocarro, ananyamuka pa Tete atatenga miyala ya siliva imene inanenedwa kuti yakumbidwa ku Chicoa. Anafuna kukafika nayo ku Portugal osadzera kunsi kwa Zambezi, kumene kunali adani a Madeira, mwini miyalayo. Motero anasankha njira ya pamtunda yopita ku Kilwa, kugombe la Tanzania wa lero. Njirayo inadutsa m'dziko la Muzura, ndipo popanda cilolezo ca mwini dziko sakanaponda n'komwe.

Muzura anamlandira monga mwa mwambo. Mlendoyo anapereka nsalu ndi mikanda, mfumu nimpatsa minyanga ya njobvu, nidyetsa iye ndi amtengatenga ake onse kwa masabata awiri. Potsazikana anampatsa anthu omtsogolera, kuti mafumu a m'njira adziwe kuti uyu ndi mlendo wa mfumu. Bocarro anakafika ku Kilwa atayenda masiku 53.

Nkhani ya ulendowu inasungidwa m'buku la António Bocarro, wolemba mbiri wa boma la Apwitikizi ku Goa. Mmenemo mukuchulidwa madzi akulu onga nyanja yamcere, ndi mtsinje woturuka m'menemo umene umakathira mu Zambezi kunsi kwa Sena, ndiwo Shire. Ambiri a ife tinaphunzira kusukulu kuti David Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi mu 1859. Zimenezo nzoona, koma zaka 243 iye asanafike, anthu a Muzura anali ataperekeza kale mzungu wina m'dera lomwelo, m'njira zimene makolo athu anali kuziyenda masiku onse. Mu 1624 wansembe wa Cijezuiti, Luís Mariano, analembanso za nyanjayo ndi za mudzi waukulu wa Muzura kumene amalonda a ku Tete anali kupita kukagula ndi kugulitsa.

NKHONDO YA PACIBALE

Copinga cacikuru pa njira ya Muzura sicinali mzungu, koma mbale wake. Lundu anali atagwira cigwa ca Shire ndi maiko a kum'mawa, ndiye kuti njira zonse zopita kunyanja yamcere zinali m'manja mwake. Mnyanga wocokera kumapiri sukanafika kugombe popanda kudzera pakhomo pake. Apwitikizi naonso anali asanaiwale zimene zinawagwera mu 1592.

Mu 1622 Muzura anaitanitsa mangawa a cithandizo cake ca 1608. Apwitikizi anabwera ndi mfuti zao ndi ankhondo ao akuda, ndipo pamodzi anagonjetsa Lundu. Kucokera pamenepo maiko amene Lundu anawalanda kum'mawa, pakati pa Alolo ndi Amakua, anagwera m'manja mwa Muzura. Mau ake anayamba kumveka kucokera ku Zambezi kufikira kugombe loyang'anana ndi cisumbu ca Mozambique. Apa ndi pamene ufumu wa Amaravi unafika pacimake.

Komabe sitingabise kuti cigonjetso cimeneci cinali ndi mtengo wake. Lundu anali Phiri, mwana wa mtundu womwewo. Pomuthyola ndi mfuti za alendo, Muzura anaonetsa alendowo khomo lolowera m'milandu ya pabanja. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kamameta bwino, koma kamathanso kuceka mwini mutu.

KUTEMBENUKIRANA NDI APWITIKIZI

Ubwenzi wa Muzura ndi Apwitikizi unali wa pamalonda, ndipo sunakhalitse. Gatsi Rusere atamwalira ca mu 1623, dziko la Mwenemutapa linasokonezeka ndi mikangano ya ufumu. Muzura anaona mpata wakuti atenge yekha dziko la golide limene kale anathandiza ena kulisunga. Anaolotsa ankhondo ake Zambezi nafunkha zambiri, koma Apwitikizi ndi Akaranga anamtsekereza, ndipo anabwerera tsidya lino osakhazikitsa ulamuliro wake kumeneko.

Mu 1629 Apwitikizi anacotsa Mwenemutapa Kapararidze naikapo Mavhura, amene anasaina pangano lodziika pansi pa mfumu ya Portugal. Mfumu iriyonse ya m'mbali mwa Zambezi inaona tanthauzo la zimenezi: amene anabwera ngati ogula minyanga tsopano anali kulonga ndi kucotsa mafumu. Kapararidze ataukira mu 1631 napha Apwitikizi ambiri pamodzi ndi anthu ao, Muzura anaima naye. Ankhondo a Amaravi anatsikira kugombe nazinga Quelimane, doko limene katundu yense wa pa Zambezi anali kulowera ndi kuturukira. Kwa kanthawi zinaoneka ngati Apwitikizi acotsedwa m'cigwa conse.

Koma mu 1632 kapitao wa ku cisumbu ca Mozambique, Diogo de Sousa de Meneses, anafika ndi asilikari a mfuti, namasula Quelimane, nagonjetsa Amaravi. Kenaka anakwera mtunda nathyolanso Kapararidze. Mafumu awiriwa anagwirizana nthawi itatha kale. Zaka zimene akanaphatikiza mphamvu zao, mmodzi anali kubwereketsa mikondo yake kwa mlendo, ndipo Lundu, amene anadziwa kugonjetsa Apwitikizi, anali atathyoledwa kale.

Ngakhale zinatero, Apwitikizi sanayese kulanda dziko la Muzura. Anadziwa kuti kumpoto kwa Zambezi kulibe malo ao, ndipo anakhutira ndi kucita naye malonda. Mu 1635 António Bocarro anamlembabe monga mfumu yamphamvu ya maiko akumpoto. Pamene ufumu wa Mwenemutapa unali pansi pa pangano la 1629, wa Amaravi unakhalabe pa wokha.

CUMA CA UFUMU

Kodi mphamvu yonseyi inali kucokera kuti? Poyamba inacokera m'munda, pakuti makolo athu anali alimi a mapira ndi mawere, ndipo nkhondo siyenda ndi njala. Kaciwiri inacokera m'ng'anjo. Amaravi anali odziwika ndi kusungunula citsulo, ndipo makasu ao anali kugulidwa kutali, ngakhale ndi Apwitikizi omwe. Kacitatu inacokera ku thonje, limene anthu a kucigwa ca Shire anali kuomba nsalu zolimba zochedwa macila, zimene zinali kufunidwa m'Zambezi monse. Panalinso mcere. Koma coposa zonse unali mnyanga wa njobvu, umene unali kuoloka nyanja kupita ku India.

Cumaci cinali kuyenda mwa njira ya mtulo. Mlenje akapha njobvu, mnyanga wogunda pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi za kambuku, pamodzi ndi nthenga zofiira za mbalame, zinali za mfumu yokha. Nyakwawa inali kutula kwa mfumu ya dera, mfumu ya dera nitula kwa Kalonga. Koma mtulo sunali kuthera m'nkhokwe ya mfumu. Nsalu ndi mikanda zogulidwa ndi minyangayo zinali kubwerera kwa mafumu monga mphatso, ndipo pa njala anthu anali kuthawira kwa mfumu kukapempha cakudya. Wotula anali kudziwa kuti akusungitsa.

Zimene makolo anatiuza zatsimikizidwa ndi nthaka yomwe. Katswiri wa zofukula zakale wa ku Malawi, Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba napeza mikanda yagalasi yocokera kutsidya kwa nyanja, zibenthu za mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi za citsulo, ndi zidutswa zambiri za minyanga yosemedwa. Buku lake lofotokoza zimenezi linaturuka mu 2020. Likulu la makolo athu linali pa njira ya malonda ofika mpaka ku Asia.

PAMBUYO PA MUZURA

Pofika mu 1667, pamene wansembe wina wa Cijezuiti, Manuel Barreto, analemba za maiko a Zambezi, Muzura anali atatsikira kale kuli cete. Barreto anafotokoza ufumu wa Amaravi monga dziko lalikuru lofika kugombe la Mozambique, lolamulidwa ndi mfumu imene iye analemba dzina lake kuti Caronga, ndiye Kalonga. Colowa ca Muzura cinali cikadalipo.

Koma maiko akutali amene anatengedwa ndi mkondo ndiwo anayamba kutayika. Kumeneko kunalibe cibale ca Nyangu, kunalibe kacisi mmodzi wopembedzerapo pamodzi. M'zaka za m'ma 1700 mafumu a m'madera anayamba kugulitsa okha minyanga kwa amalonda a Ciyao osadzera kwa Kalonga, ndipo mtulo unacepa. Dziko la Undi nalo linalowedwa ndi Apwitikizi ndi Acikunda ao ofuna golide. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi, ndipo malonda a akapolo anapasula midzi yambiri. Kalonga Sosola, wotsiriza wa mzere wa ku Mankhamba, anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860. Pomaliza, mu 1891, Britain ndi Portugal anagwirizana malire amene anadula mtundu umodzi, ndipo lero tili m'maiko atatu.

CIMENE CINATSALA

Tikayang'ana moyo wa Muzura tikuona mfumu yolimba mtima ndi yocenjera, imene inakambirana ndi Apwitikizi monga wolingana nao, niwathandiza pamene kunali kopindulitsa, niwaukira pamene inaona kuti afuna kumeza dziko. Tikuonanso munthu amene anakula msanga ndi cithandizo ca alendo, nadzapeza kuti tsiku la tsoka abale amene akanaima naye ndi omwe anawafooketsa. Sitimcepetsa ponena zimenezi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mbiri ya mfumu iyenera kunenedwa yonse.

Za mikondo yake palibe cimene catsala. Quelimane ndi gombe la Amakua ndi maiko a eni ake. Koma zimene iye anazipeza ndi kuzisiya zikalipo: ufumu wocokera kwa Nyangu, maina a Phiri ndi Banda, cinamwali, gule wamkulu amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005, ndi mwambo wa kutula mtulo. Mpando wa Lundu, amene anagonjetsedwa mu 1622, ulipobe ku Chikwawa. Dzina la Kalonga likusungidwa ndi nyumba ya Undi, imene inasamukira kuno m'zaka za m'ma 1930 kucokera ku Mozambique. Maina atatu a mfumu yathu amanena nchito yake: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa malo, Undi ndi wofungatira anthu monga nkhuku ifungatira anapiye. Palibe limodzi mwa mainawa lonena za nkhondo.

Mwambo wa Kulamba unaima kwa zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda, kufikira Kalonga Gawa Undi X anauutsanso mu 1984. Kuyambira pamenepo mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadza pano kumapeto kwa Ogasiti kudzanena za umoyo wa anthu ao ndi kutula mphatso zao. Palibe wankhondo amene amawakakamiza. Amadza okha, ataoloka malire a maiko, cifukwa ca cibale. Mukaona lero mfumu ikugwada ndi kuomba m'manja pamaso pa Gawa, dziwani kuti mukuona cinthu cimene cinalipo Muzura asanabadwe, ndipo cakhalitsa kuposa maiko onse amene iye anawagonjetsa.

Pempho lathu kwa makolo ndi aphunzitsi ndi lakuti maina awa, Mazizi, Nyangu, Undi, Lundu ndi Muzura, amveke m'nyumba ndi m'makalasi mwathu. Ndipo kwa mafumu athu, amene masiku ano amalandira alendo ofuna nthaka, mitengo ndi miyala ya mtengo wapatali, tikupempha modzicepetsa kuti pokambirana nao akumbukire caka ca 1622 ndi ca 1632, ayambe afunsana ndi abale ao asanagwirane canza ndi wakudza.

 Yooo Gawa!